Baron Wakuda wa ku Russia: anakulira pa kavalo, koma ine ndimamukumbukira ndi sitima 126

Ine kavalo ndinakwerapo kamodzi kokha chibadwire, pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo sindinama ndinagwira chishalo ndi manja onse awiri ngati mwana amene wakwera kabaza koyamba, mnyamata wina akukoka chingwe kutsogolo uku akundiseka. Kavaloyo ankangoyenda mwaulesi koma mtima wanga uli phaphapha. Ndiye mukaona ndikulemba za jenerali wa asilikali apakavalo musaganize kuti ndine katakwe pa nkhani za mahatchi ayi. Chinandikokera ku nkhaniyi ndi nkhondo ya ku Ukraine ija inatikwezera mtengo wa feteleza. Maina ngati Kherson, Melitopol, Kakhovka, Sevastopol ankangomveka pa wailesi tsiku ndi tsiku, ndiye usiku wina magetsi atazima ndinayamba kufufuza pa foni kuti malo amenewa ali pati kwenikweni, mpaka bando kutha. Ndinadabwa kupeza kuti mu 1920 anthu ankaphana pa malo omwewa, mitsinje yomweyi, ndipo pakati pa zonsezo panali munthu wina wamtali ngati mlongoti, wovala chimkanjo chakuda, dzina lake Pyotr Nikolayevich Wrangel.

Mkuluyu anabadwa mu Ogasiti 1878 m'tauni yomwe lero imatchedwa Zarasai ku Lithuania, nthawi imeneyo kunali pansi pa mfumu ya Russia. Banja lake linali la ma baron, anthu a magazi achifumu ochokera ku mtundu wa Majeremani a m'mbali mwa nyanja ya Baltic, amene kwa zaka mazanamazana ankatumikira mafumu a Sweden ndi a Russia pa nkhondo. Mukayang'ana mapu kumtunda kwenikweni kwa Siberia mupeza chilumba chotchedwa Wrangel, chimenecho anachitcha dzina la wachibale wawo Ferdinand von Wrangel, woyenda panyanja. Ndiye dzina lokhalo linali kale chiphaso, khomo lililonse ku Saint Petersburg linkatseguka lokha. Koma chodabwitsa nchoti Pyotr sanayambire ku usilikali. Anakulira ku Rostov-on-Don, kenako nkupita ku sukulu ya za migodi ku Saint Petersburg komwe anamaliza mu 1901 ngati injiniya. Kaunijiniya kameneka musakaiwale, kabweranso kutsogoloku.

Atamaliza sukulu analowa m'gulu la asilikali apakavalo olondera mfumu, gulu la ana a mabwana okhaokha, komwe mkulu wa asilikali ankafunika kukhala ndi ndalama zake za m'thumba zogulira kavalo, yunifomu ndi mowa wa pa maphwando chifukwa malipiro okha sakanakwana. Anzake anamupatsa dzina loti Piper kaamba kokonda shampeni ya Piper-Heidsieck, ndiye mutha kuona kuti anali mnyamata wa mtundu wanji. Atakhoza mayeso a uofesala mu 1902 anavula yunifomu nkukagwira ntchito ya muofesi ku Irkutsk, ku Siberia. Zikanathera pomwepo bwenzi lero palibe akumutchula. Koma mu 1904 Russia inayambana ndi Japan, iye nkudzipereka yekha kupita ku Manchuria ndi ma Cossack, anthu a kumalire amene mwana amaphunzira kukwera kavalo asanadziwe nkuwerenga komwe. Russia inagonja pa nkhondo imeneyo koma Wrangel anabwerako ndi mamendulo komanso atadziwa kuti za muofesi si zake. Mu 1907 anakwatira Olga Ivanenko, mu 1910 nkumaliza sukulu yaikulu ya akuluakulu ankhondo, ndipo m'malo mokakhala pa desiki kujambula mapu ngati anzake, anapempha kubwerera kwa akavalo ake.

Tsiku lomwe linamutchukitsa ndi 19 Ogasiti 1914, Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse itangoyamba kumene. Mwezi womwewo kwathu kuno sitima ya Guendolen inali itawombera sitima ya Majeremani pa nyanja yathu, ndiye onani kuti moto umenewu unayaka paliponse nthawi imodzi. Ku East Prussia, pa mudzi wa Kaushen, Majeremani anali atatchera mizinga ndipo asilikali a Russia amene ankayesa kuyandikira wapansi ankangogwa ngati mapesi. Wrangel, ali kaputeni, anatenga gulu lake la apakavalo nkuthamangira pa mizingayo maso ndi maso, malupanga ali m'manja. Kavalo wake anaphedwa iye ali pamsana pomwepo, anzake ambiri anatsala pa bwalopo, koma mizinga iwiri anailanda. Anamupatsa mtanda wa George Woyera, mendulo yomwe msilikali aliyense wa Russia ankailota, ndipo anali m'gulu la maofesala oyambirira kuilandira pa nkhondo imeneyo.

Apa ndiye ine ndimasiyana ndi anthu okonda nkhani za ngwazi. Kulimba mtima kunalipo, sindikutsutsa, ine amene ndinanjenjemera pa kavalo woyenda ndingatsutse bwanji. Koma taganizani, kuthamangitsa nyama ya mnofu ndi magazi kulunjika pa mzinga, m'chaka chomwe mfuti zachiwaya zinali kale mbwee. Zinatheka tsiku limenelo, mwamwayi, ndipo mizinga iwiriyo siinasinthe kanthu chifukwa patangotha masiku ngati khumi gulu lina lonse lankhondo la Russia linaphwanyidwa ku Tannenberg, mtsogoleri wake Samsonov nkudziwombera yekha m'nkhalango. Nthawi ya akavalo inali ikutha, eni akewo ndi amene sankafuna kumva.

Zaka zotsatirazo anangokwera maudindo, kanelo kumapeto kwa 1914, kenako mu 1915 nkupatsidwa gulu la ma Cossack a ku Nerchinsk. Pansi pake panali anyamata awiri amene pambuyo pake anadzasautsa Siberia yense, Grigory Semyonov ndi Baron Ungern-Sternberg, uja anadzalanda likulu la Mongolia mu 1921, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Mu Januwale 1917 anakhala jenerali, ndipo patangopita milungu yochepa mfumu Nicholas II inatula pansi udindo. Asilikali anayamba kupanga makomiti, kuvotera ngati amvere lamulo kapena ayi, ambiri nkumangothawa kubwerera kumudzi chifukwa kunamveka kuti minda ya mabwana ikugawidwa ndiye ndani angafune kufera m'ngalande anzake akugawana malo. Ma Bolshevik a Lenin atalanda boma kumapeto kwa chaka chimenecho Wrangel anakana kuwatumikira, anatenga banja lake nkupita ku Yalta, ku Crimea.

Kumeneko anatsala pang'ono kufa imfa ya galu. Kuchiyambi kwa 1918 amalinyero oukira ankagwira maofesala a mfumu mumzindamo nkumakawaphera ku doko, mitembo nkuponya m'nyanja. Anabwera kudzamutenga nayenso. Mkazi wake Olga, amene pa nkhondo ankagwira ntchito ya unamwino, anakakamira kuti komwe mukupita naye mwamuna wangayo inenso ndipita, ndipo anapitadi, nkukamuchonderera pamaso pa oweruzawo mpaka anawamasula onse. Ndikawerenga pamenepa ndimangoti abale, mamendulo onse aja sanamuthandize kanthu tsiku limenelo, anamupulumutsa ndi mayi wa kunyumba.

Tsopano ndifotokoze pang'ono za nkhondo yapachiweniweni ya ku Russia, poti mainawo amasokoneza. Kunali Ofiira, ndiwo ma Bolshevik, ndiye kunali Oyera. Musamve ngati oyera mtima a m'Baibulo, kutalitali, komanso si nkhani ya khungu poti ambiri mbali zonse anali azungu. Oyera chinali chisakanizo cha maofesala akale, ma Cossack, okonda ufumu, okonda demokalase, eni minda, ana asukulu, onse ogwirizana pa chinthu chimodzi chokha choti Lenin achoke, koma ukawafunsa kuti akachoka mudzaika chani aliyense ankayankha zake. Wrangel anayamba wapita ku Kiev kukaona Skoropadsky, bwana wake wakale wa ku gulu la apakavalo amene Majeremani anamuika kukhala wolamulira Ukraine, anaona kuti mpando umenewo watsamira pa mfuti za alendo ndipo sukhalitsa, nkupitirira ulendo. Mu Ogasiti 1918 anafika ku Yekaterinodar, lero Krasnodar, nkulowa gulu la Oyera la Jenerali Anton Denikin.

Ndiye chodabwitsa china, akavalo aja amene ku Ulaya anali atatha ntchito, kuno anaukanso. Zigwa za kumwera kwa Russia ndi zazikulu zedi, zopanda mitengo, misewu yochepa, kunalibe ngalande zotalika ngati za ku France, ndiye amene anali ndi apakavalo ambiri othamangira pamodzi ndi amene ankapambana. Wrangel zimenezi anazidziwa msanga, m'malo momwaza apakavalo ake timagulutimagulu ankawaunjika pamodzi nkumenya malo amodzi mwamphamvu, ndipo ku Kuban ndi ku Stavropol anawathamangitsa Ofiira koopsa. Ankadziwikanso ndi kusanyengerera akuba, msilikali wake akagwidwa akulanda katundu wa anthu wamba ankatha kumupachika, pomwe majenerali anzake ena ankangoyang'ana kumbali ngolo zodzaza katundu wobedwa zikutsatira gulu.

Koma pano ndisakunamizeni kuti anali munthu wa manja oyera. M'buku la zokumbukira zake iye mwini analemba, popanda nkupepesa komwe, kuti tsiku lina mu 1918 atagwira akaidi ambiri anapatula 370 amene anali atsogoleri pakati pawo nkulamula kuti awomberedwe pompo, otsalawo nkuwauza kuti nanunso munayenera kufa koma ndakukhululukirani, tengani mfuti mumenyere ife. Anthu 370, tsiku limodzi, popanda mlandu kuzengedwa. Ndinaika foni pansi nditawerenga zimenezo. Anthu amene amamulemba ngati njonda yaulemu pa intaneti mbali imeneyi amaidumpha dala, ndipo ine sindikufuna kuidumpha.

Chaka cha 1919 chinayamba ndi matenda, typhus, nthenda yofala ndi nsabwe imene inapha asilikali ochuluka mbali zonse ziwiri, naye inatsala pang'ono kumutenga. Atachira anatsogolera gulu lake kudutsa chigwa chouma mpaka ku Tsaritsyn pa mtsinje wa Volga, mzinda womwe unadzatchedwa Stalingrad ndipo lero ndi Volgograd. Ma Cossack a ku Don anali atauyesa kangapo osautha. Wrangel anaulanda pa 30 Juni 1919, mothandizidwa ndi akasinja ochepa ochokera ku Britain amene anadula mawaya aminga. Patangopita masiku atatu Denikin anafika mumzindamo nkulengeza lamulo loti magulu onse alunjike ku Moscow, aliyense njira yake, atatambasuka ngati zala za dzanja. Wrangel anati uku nkudzipha, anthu ndi ochepa, kumbuyo kulibe dongosolo, bola kuunjika mphamvu malo amodzi. Ndipo apa mpamene udani wa awiriwa unakula.

Udani umenewu sunali wa mapu okha. Denikin anali mwana wa munthu amene anabadwa ali kapolo wa pa munda nkudzakwera yekha mu usilikali, munthu wofatsa, wovala yunifomu yakutha. Wrangel anali baron, wamtali, wa mawu okuluwika, wodziwa kuima pamaso pa kamera. Ndipo khalidwe lake pa nkhaniyi silinali labwino, ankalemba makalata odzudzula bwana wake nkumalola kuti makope azizungulira pakati pa maofesala, zomwe kuntchito kulikonse timazitcha kukumba mnzako pansi. Chowawa nchoti pa zambiri ankanena zoona. Oyera anafika mpaka ku Oryol mu Okutobala 1919, kenako zonse zinagumuka ngati chiswe chadya mzati. Amene anawathyola msana ndi apakavalo a Ofiira otsogozedwa ndi Semyon Budyonny, mwana wa alimi osauka amene mu gulu la mfumu anali sajeni chabe. Baron wophunzira masukulu onse a nkhondo, kudzapezana ndi sajeni wa ndevu zake za pamlomo, atamangirira mfuti zachiwaya pa ngolo zokokedwa ndi akavalo. Kuchiyambi kwa 1920 Denikin anatopa naye Wrangel nkumuchotsa ntchito, iye nkupita ku Constantinople, Istanbul ya lero.

Ndiye kunachitika za ku Novorossiysk, ndipo kuti mumvetse Wrangel muyenera kumvetsa doko limeneli. Mu Malichi 1920 gulu la Denikin lothawa linadzaunjikana pa doko limeneli pamodzi ndi akazi, ana, odwala typhus, ngolo, akavalo, aliyense akufuna sitima yopita ku Crimea. Sitima zinali zochepa, dongosolo panalibe, amphamvu ndi amene ankakwera, anthu ankaponderezana ena kugwera m'madzi, ma Cossack ena ankawombera akavalo awo kuti asatengedwe ndi adani. Masauzande ambiri anatsala pa gombe nkugwidwa. Denikin zinamuswa mtima, anatula pansi udindo, ndipo akuluakulu atakumana ku Sevastopol anaitana munthu yemwe uja anathamangitsidwa. Wrangel anabwera pa sitima yankhondo ya Britain yotchedwa Emperor of India, m'thumba muli uthenga wa boma la Britain wonena kuti ife thandizo tasiya, kambiranani ndi ma Bolshevik. Anawawerengera anzakewo uthengawo, nkuvomera udindo pa 4 Epulo 1920 akudziwa bwinobwino kuti akulandira maliro.

Apa mpamene munthuyu amandigwira mtima, ndipo si chifukwa cha lupanga. Atangolowa pa mpando, pomwe aliyense ankayembekezera malonjezo a chipambano, iye mwakachetechete analamula kuti ayambe kukonza ndondomeko ya kasamutsidwe ka anthu, kuwerenga sitima zomwe zilipo, kukonza zowonongeka, kusunga malasha ndi mafuta osakhudzidwa ngakhale zitavuta bwanji, kugawiratu kuti gulu lakuti lidzakwerera doko lakuti. Injiniya uja anadzuka mkati mwa baron. Ine ndinakulira ku Dedza m'zaka zomwe abale athu a ku Mozambique ankathawa nkhondo, ndipo ndimakumbukira anthu akufika ndi kamtolo pamutu, mwana kumsana wina atatayika m'njira, popanda wowauza kuti mawa kugwa chani. Akuluakulu amene amayambitsa nkhondo nthawi zambiri zikavuta amayamba ndi iwo kukwera ndege. Ndiye kumva za mtsogoleri amene tsiku loyamba akuganiza kale kuti anthu angawa ndidzawatulutsa bwanji, kwa ine nchachilendo kuposa kulanda mizinga iwiri.

Sikuti anangokhala kudikira kuthawa ayi. Miyezi isanu ndi iwiri imeneyo anagwira ntchito ngati wamisala. Gulu analisintha dzina kukhala Gulu Lankhondo la Russia, anabwezeretsa mwambo, anachotsa Jenerali Slashchov amene anateteza Crimea koma anali wodziwika ndi kupachika anthu komanso kuledzera. Anaitana Alexander Krivoshein, nduna yakale ya zaulimi, kuti ayendetse boma, ndi Pyotr Struve kuti aziona za kunja, ndipo mu Ogasiti France inavomereza boma lake. Anatulutsanso lamulo la malo loti mlimi akhale mwini wa munda womwe akulima, azilipira gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola kwa zaka 25. Papepala linali lamulo lanzeru, likanabwera mu 1918 mwina nkhani ikanakhala ina. Koma alimiwo minda anali atatenga kale ulere kuyambira 1917, ndiye munthu ubwere lero kudzamuuza kuti munda uli m'manja mwakowo ndikugulitsa pa ngongole ya zaka 25, ndipo wonenayo ndi baron, akuyankha chani? Anayesanso kupalana ubwenzi ndi Nestor Makhno, mtsogoleri wa zigawenga za alimi ku Ukraine. Makhno anangomupachika mthengayo.

Mu Juni anatuluka mu Crimea nkulanda zigwa za kumpoto kwake, kuphatikizapo Melitopol, kufuna tirigu ndi akavalo. Kuchiyambi kwa Julayi anaphwanya gulu lalikulu la apakavalo a Ofiira lotsogozedwa ndi Dmitry Zhloba, ndipo mverani izi, analiphwanya ndi asilikali apansi, mfuti zachiwaya, sitima za pamtunda zokutidwa ndi zitsulo komanso ndege zouluka m'munsi zomwe zinkabalalitsa akavalo. Munthu yemwe uja wa ku Kaushen, patangotha zaka zisanu ndi chimodzi, akuonetsa yekha kuti kavalo pamaso pa makina ndi ndiwo chabe. Nthawi imeneyi ndi yomwe Ofiira anamupeka nyimbo nkumamutcha Baron Wakuda chifukwa cha chimkanjo chija chachi Cossack, ndipo ana a ku Soviet Union anakula akumudziwa ngati chilombo cha m'nthano.

Chomwe chinkamupatsa mpweya nchoti Ofiira anali otanganidwa ndi nkhondo ina yolimbana ndi Poland. Mu Ogasiti Ofiira anaoloka mtsinje wa Dnieper nkukhazikika pa Kakhovka, pomwe panadzamangidwa damu lija linaphulika mu 2023, ndipo Wrangel anayesa kangapo kuwachotsapo ngakhale ndi akasinja koma anakanika. Anthu amene anawatumiza pa nyanja kukadzutsa ma Cossack ku Kuban anabwerako osaphula kanthu. Poland itasainirana ndi Moscow zosiya kumenyana mu Okutobala, basi, gulu lonse la Ofiira linatembenukira kwa iye, Mikhail Frunze akutsogolera, Budyonny ali pomwepo, Makhno nayenso ali mbali yawo, kuchuluka kwawo kuposa Oyera kangapo.

Crimea imalumikizana ndi mtunda ndi kakhosi kakang'ono ka Perekop, pambali pake pali dambo lalikulu la madzi amchere lotchedwa Sivash lomwe anthu ankaliona ngati mpanda wachilengedwe. Usiku wa pa 7 kucha wa pa 8 Novembala, kukuzizira koopsa, mphepo inakankha madziwo ndipo Ofiira anaoloka wapansi m'matope nkutulukira kumbuyo kwa malinga. Patapita masiku ochepa Wrangel analengeza kuti tikuchoka. Uthenga wa boma lake sunanamize munthu, unanena poyera kuti kutsogolo sikukudziwika, palibe dziko lomwe lalonjeza kutilandira, ndalama zokuthandizirani kulibe, ndiye amene akuona kuti moyo wake suli pa chiopsezo bola atsale. Analetsanso kuwononga katundu wa boma wotsala, ati ndi wa anthu a ku Russia.

Kuyambira pa 13 mpaka pa 16 Novembala 1920 sitima zinanyamuka ku Sevastopol, Yevpatoria, Yalta, Feodosia ndi Kerch, Admiral Kedrov akuyendetsa za panyanja. Magulu ankhondo anabwerera m'mbuyo mwadongosolo, lililonse kulunjika doko lomwe linauzidwa kale, apakavalo akutchinga kumbuyo kenako nkusiya akavalo awo pa gombe. Sitima zopanda injini zinkakokedwa ndi zinzake. Wrangel anayendera madoko pa sitima yankhondo ya General Kornilov kuona kuti zatheka. Zonse pamodzi zinali sitima 126, anthu 145,693 osawerengera oyendetsa sitimazo, asilikali, ovulala, amayi, ana. Munali mothinana moti ena anaima chiimire masiku angapo, madzi akumwa ochepa, nsabwe zili yakaliyakali, ku Feodosia malo anachepa ena nkuthamangira ku Kerch, koma za ku Novorossiysk sizinabwerezedwe.

Amene anatsala ndi amene anaona zakuda. Frunze anali atalengeza pa wailesi kuti ogonja akhululukidwa, Lenin nkukwiya nazo kuti wafewa kwambiri. Ofiira atalowa, pansi pa Béla Kun ndi Rozalia Zemlyachka, analamula kuti maofesala onse akale akalembetse maina, anthu nkupita okha mokhulupirira, ndipo mndandanda womwewo ndi umene anagwiritsa ntchito powatenga usiku kukawawombera, masauzande ambirimbiri. Ndiye ndikaganiza za langizo lija loti amene sakuopa atsale, ndimasowa chonena, poti linali langizo loona mtima koma ena amene analimvera anathera m'maenje.

Moyo wa ku ukapolo wa kuthawa unali wowawa. Sitima zija anazipereka kwa France ngati chikole cha chakudya. Asilikali oposa 20,000 anawatsitsa ku Gallipoli, ku Turkey, pa chigwa cha matope chomwe iwo anachitcha munda wopanda kanthu poseweretsa dzinalo m'chinenero chawo, ma Cossack ena nkuwapititsa pa chilumba cha Lemnos. Wrangel ndi Jenerali Kutepov anakakamira kuti awa si othawa kwawo koma gulu lankhondo, perete tsiku lililonse, masukulu, tchalitchi, ngakhale zisudzo, ndipo pomanga chipilala cha anzawo omwalira munthu aliyense anabweretsa mwala wake. A France zimenezi sizinkawasangalatsa, ankachepetsa chakudya kuti anthuwo abalalike. Wrangel ankakhala pa kasitima kotchedwa Lukull pa madzi a Bosphorus ku Constantinople, ndipo pa 15 Okutobala 1921 sitima ya ku Italy yotchedwa Adria, yochokera ku doko la Soviet, inakagunda nkukamiza iye ali kumtunda. Ngozi kapena dala, aliyense ali ndi yankho lake, ine langa ndili nalo.

Pang'onopang'ono anawapezera malo anthu ake ku Serbia ndi ku Bulgaria, komwe makanelo a dzulo ankaphwanya miyala pa misewu ndi kukumba malasha, ena nkudzakathera ku Paris kuyendetsa matakisi. Iye anakhala ku Sremski Karlovci, ndipo pa 1 Seputembala 1924 anakhazikitsa bungwe la ROVS lolumikiza asilikali onse omwazikana, poyembekezera tsiku lobwerera lomwe silinafike. Mu 1927 anasamukira ku Brussels nkuyambanso ntchito ya uinjiniya, digiri ija ya 1901 nkudzagwira ntchito pamapeto penipeni. Chaka chotsatira anadwala mwadzidzidzi chifuwa chachikulu champhamvu, nkumwalira pa 25 Epulo 1928 ali ndi zaka 49. A pabanja pake ankakhulupirira kuti anadyetsedwa poizoni ndi mchimwene wa wantchito wawo amene anabwera kudzacheza masiku ochepa iye asanadwale. Mu Okutobala 1929 mtembo wake anausamutsira ku katchalitchi ka anthu a ku Russia ka Utatu Woyera ku Belgrade, komwe uli mpaka lero.

Pali kanthu kena kamene ndakasungira kumapeto poti kamandiseketsa ndi kundimvetsa chisoni nthawi imodzi. Nthawi yonse imene makoma a ku Petrograd, dzina la Saint Petersburg nthawi imeneyo, anali odzaza ndi zithunzi zotukwana Baron Wakuda, mayi ake omubereka, a Maria Wrangel, ankakhala mumzinda womwewo, akugwira ntchito ku nyumba yosungirako zinthu zakale ya ku Anichkov Palace, akulandira kachakudya ka boma la Lenin, akufola pa mzere wa buledi ngati wina aliyense, dzina lawo lomwelo. Anawathawitsa pa bwato kupita ku Finland chakumapeto kwa 1920, mwana wawo ali pafupi kukweza anthu ake sitima. Anadzaika m'manda mwana wawoyo, atataya kale ana ena awiri aamuna ndi mwamuna wawo, iwo nkudzamwalira mu 1944 ku Brussels.

Nanga sitima zija? Zankhondozo a France anazipititsa kuno ku Africa, ku doko la Bizerte ku Tunisia, pamodzi ndi amalinyero ndi mabanja awo, ndipo sitima ina yakale anaisandutsa nyumba zogonamo ndi sukulu ya ana. France itavomereza boma la Soviet mu Okutobala 1924 mbendera zinatsitsidwa, anthu nkumwazikana, sitimazo nkutsala pa doko zikuchita dzimbiri mpaka anayamba kuzigulitsa imodziimodzi kwa ogula zitsulo zakutha, General Kornilov ija ili m'gulu lomwelo. Kamtsikana kena kamene kanafika pa sitima zimenezo kali ndi zaka zisanu ndi zitatu, Anastasia Shirinskaya, kanakhazikika ku Bizerte komweko. Anakula, nkukhala mphunzitsi wa masamu, anakhala zaka zoposa 70 ndi mapepala a othawa kwawo osatenga unzika wa dziko lina, pasipoti ya Russia anadzailandira mu 1997, ndipo anamwalira komweko mu 2009.